Ampu Yochedwa Kudzuka

"Manje kwatsala izi ziwiri," anatero ba Mudenda, akuloza pakona ndi chigongono chifukwa m'manja anali atanyamula nsapato za malemu mng'ono wawo.

Kuyambira m'mawa Agatha anangokhala pamphasa akuonerera nyumba yake ikutuluka pakhomo. Sofa inapita. Njinga inapita. Masuti a Titus, mwamuna wake amene anamuika m'manda Lolemba, anali kale m'vaneti yopita kumudzi kwawo ku Kalomo. Iye sanalimbane ndi munthu. Ukakhala miyezi yambiri ukudwazika, kwinaku ukugulitsa tinsomba ta kapenta pamsika wa Maramba, mphamvu zokanganirana mpando sizitsala.

Pakonapo panali ma ampu awiri, mabokosi okuzira mawu a gitala. Ina inali yatsopano, yonyezimira, ya timabatani tambirimbiri, imene Titus anagula ku Bulawayo atalandira penshoni ya kunjanji. Inayo inali yakale, ya nthawi ija ankaimba nyimbo za roko m'maholo ali ndi tsitsi ngati chitsamba. Nsalu yakutsogolo inang'ambika, chogwirira anachimanga ndi waya, ndipo kumbuyo kwake kunali mavalavu, timabotolo tagalasi timene timayaka ampu ikamalira.

Wogawa katundu anali ba Moono, mlongo wamkulu wa malemu. Chinthu chilichonse ankachigwira n'kutchula dzina la wolandira. Wolandirayo ankaikapo dzanja, anthu n'kuomba m'manja. Zikatero nkhani yatha, ngakhale mbale ya pulasitiki sinkabwereranso. Pa ma ampu ba Moono anali atagamula kale kuti imodzi ipite kumudzi, ina itsalire mwana, koma ba Mudenda, monga mwamuna, ayambe kusankha.

Mwanayo anali Choolwe, mtsikana wazaka makumi awiri ndi zitatu, woimba gitala m'bandi ya anthu anayi. Loweruka bandiyo inkayenera kukayesedwa pa loji ina ya m'mbali mwa Zambezi, ndipo mwini loji ananena kuti aliyense abwere ndi zida zake. Dzulo lake, potsuka mbale za anthu a pamaliro, Choolwe anali atawauza mayi ake.

"Amayi, akatenga yakale ine basi, kwatha. Ija yatsopano ukaikweza ilira monga udzudzu m'chitini. Roko ifuna mavalavu."

"Za udzudzu ine sinidziwa," anatero Agatha. "Tsuka mbale."

Ampu yakaleyo Agatha ankadana nayo kuyambira chaka chimene anakwatiwa. Inkalemera ngati thumba la simenti, inawakanganitsa ndi eni nyumba atatu, ndipo tsiku lina anaopseza kuti aichotsa zam'kati azigonekamo nkhuku. Koma munthu sukhala ndi chinthu zaka zonsezo osachidziwa khalidwe. Ampu imeneyi sinkadzuka msanga. Ukaiyatsa inkangokhala duu mpaka timabotolo tija titenthe.

Ba Mudenda sanali munthu wopusa. Anaika nsapato pansi, n'kuyang'ana Choolwe nthawi yaitali.

"Mwana uyu maso ake ali pa yakale," anatero. "Chifukwa chani? Amake Choolwe, muli chani mu bokosi umu?"

"Fumbi, alamu."

"Ilira?"

"Magetsi alipo. Yatsani mumve mweka. Koma fulumirani, mutu wanga uwawa."

Ba Mudenda anatenga gitala ya Titus, imene inali itapatsidwa kale kwa Choolwe, n'kuyamba ndi ampu yatsopano. Atangodina, timagetsi tobiriwira tinayaka, ndipo atakanda zingwe mawu anatuluka pomwepo. Achibale a ku Kalomo anagwedeza mitu. Kenako anasolola chingwe n'kuchilowetsa m'yakale ija. Anadina. Kanyali kofiira kanayaka mofooka. Anakanda zingwe. Zii. Anapotokola mabatani onse mpaka kumapeto, n'kukandanso mwamphamvu. Zii.

Choolwe anatsegula pakamwa. Anali mwana wa bambo ake, wosatha kuona munthu akulakwitsa pa chida osamuthandiza. Agatha anamutsina pakatumba mpaka mwanayo anameza mawu.

"Iyi inafa pamodzi na mwine wake," anatero ba Mudenda. Anatsamiritsa gitala pansalu yong'ambika ija osazimitsa kanthu. "Mupatseni mwana, azikhalapo. Ine nitenga iyi."

Agatha anaimirira koyamba tsiku limenelo. Anagwira Choolwe pamkono, kumukokera pakona, n'kumukanikiza dzanja pamwamba pa ampu.

"Ba Moono, mwamva. Kambani."

Ba Moono anayandikira pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo. Anagwira bokosilo, misozi n'kulengeza.

"Ichi chinthu," anayamba, "mlongo wanga anabwera nacho pa sitima kuchoka ku Kitwe. Tinaganiza ni wailesi. Amayi athu anakamba kuti..."

Pamene Agatha anaima ankaona khoma la kuseri kwa ampu. Pakhomapo panayamba kuoneka kuwala kofiirira ngati kwa makala.

"Ba Moono, dzina chabe. Vaneti iyembekeza."

"Iwe, nisiye nilire mlongo wanga."

"Muzalira pambuyo, nizakuthandizani. Dzina."

"Choolwe Munsaka," anatero ba Moono monyinyirika.

Agatha anayamba yekha kuomba m'manja, mwamphamvu ngati akuthamangitsa nkhuku, ndipo ena onse anatsatira.

Manja asanathe, pansi panayamba kunjenjemera. Kunamveka kung'ung'udza ngati sitima ikadali kutali, kenako gitala yotsamira ija inagwira mawu a ampu, ampu n'kugwira a gitala, ndipo nyumba yonse inalira mluzu umodzi waukulu umene unagwedeza malata. Mayi wina wa ku Kalomo anakuwa kuti Titus wabwera, n'kuthawira panja chitenje chili m'manja. Wina anagwetsa mapoto amene anali atangolandira. Agalu a Maramba yense anayankha.

Choolwe ananyamula gitala, kugwira zingwe ndi chikhatho, n'kubweza mabatani. Kunatsala kampweya kotsika, kofunda, ngati chifuwa cha munthu wamkulu akupuma.

"Mwanipusitsa!" anakalipa ba Mudenda. "Amake Choolwe, munadziwa!"

"Ninakamba chani ine, alamu? Munayatsa mweka, munasankha mweka."

"Tibweze. Nifuna yamene iyi."

"Manja aombedwa, Mudenda," anatero ba Moono. Ankapukuta misozi, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka. "Sofa uli nayo. Uifuna ibwerere nayonso?"

Ba Mudenda anayang'ana kunja kumene kunali vaneti.

"Mwana mkazi na gitala," anatero potsiriza. "Pa nyumba ya maliro. Manyazi palibe."

"Maliro ni a mlongo wanga," anatero ba Moono, akukhala pampando umodzi umene unatsala. "Choolwe, niimbire zija anali kutisokosa nazo atate ako."

Choolwe anaponya lamba paphewa. Poyamba anaphonya. Anapukuta dzanja pasiketi yakuda, n'kumenyanso. Mawu anatuluka onenepa, okhakhala m'mphepete, ndipo akagwira chingwe chimodzi sankafa msanga, ankapitirira kulira mpaka iye atawalola. Agatha anawamva m'mano ndi m'mimba, monga ankawamvera ali mtsikana m'holo yodzaza thukuta. Sanafune kulira pamaso pa anthu a ku Kalomo, choncho anapinda manja n'kuuma nkhope. Phazi lokha ndi limene linamukana.

Pawindo panadzaza mitu. Amayi a pamsika amene anabwera kudzathandiza kuphika anasiya moto, mmodzi n'kuyamba nthungululu, ena n'kulandira. Bambo wina wokalamba wa kunjanji anavula chipewa n'kukuwa kuti, "Ni Titus uyo! Mwana, kweza!" Choolwe anakweza.

Ba Mudenda anaitana anyamata kuti awanyamulire ampu yawo yonyezimira, koma palibe anawamva. Anainyamula okha, chingwe chikukwekwereka pambuyo.

Dzuwa litapendeka anthu anabalalika, ndipo kamphepo ka Juni kanayamba kulowa pansi pa chitseko. Pabalaza panatsala mphasa, mpando umodzi ndi ampu. Choolwe anatambasula dzanja kuti azimitse.

"Isiye," anatero Agatha.

Anapita kuchingwe panja, n'kubwera ndi juzi ya Choolwe imene inali isanaumitsitse. Anaiyala pamwamba pa ampu, cha kumbuyo kumene kumatuluka kutentha.

"Amayi, muchita chani?"

"Uganiza masokosi ako a kusukulu anali kufunda okha? Atate ako akachoka ku shifiti m'mamawa anali kuyatsa ichi, osaimba olo pang'ono kuti ungauke. Yunifomu apa, masokosi apa. Ine nikalipa za magetsi, iye ati shii, mwana agona."

Agatha anawongola kolala ya juzi ija, anapinda mikono yake kuti isalendewere pa timabotolo, kenako anakhala pamphasa n'kutsamira bokosilo ndi msana.