Singano ya M'khosi mwa Tahir

Injini ya boti inamutema Tahir dzanja lamanja m'mawa, pamene ankachotsa ukonde umene unakulungika pa mapiko a injiniyo. Anzake anathamanga naye pa njinga yamoto kuchokera ku Lifuwu mpaka kuchipatala. Mkazi wake Kulusumu anawatsatira pambuyo, ndipo anatsala pakhonde akungoyenda uku ndi uku.

M'chipinda cha opaleshoni Tahir sankakhazikika. Ankadzuka, kugonanso, miyendo ikupalasa nsalu.

A Robert, ogonetsa odwala, anamumvetsera pachifuwa n'kupukusa mutu. "Mphumu yanuyi yakwiya, bambo. Kukugonekani n'koopsa. Ndichititsa dzanzi mkono wokhawu."

"Ndiye mundisoka ndili maso?"

"Muli maso, koma osamva kanthu. Jakisoni wake ndi wa apa." Anamukhudza m'munsi mwa khosi.

Tahir anafuna kutsika pabedi. Namwino anamugwira paphewa.

A Robert anamupaka mafuta ozizira, n'kuika kachipangizo ka sikani koonera m'kati mwa thupi. Pa kanema panaoneka zinthu zotuwa, china chikugunda.

"Chikugundachi ndi mtsempha wa magazi. Timadontho tili pambalipa ndi mitsempha yotumiza ululu. Pansi apa ndi phapo. Mankhwala afike pa timadonthoti, osati kwinaku."

"Nanga mukaphonya?"

"N'chifukwa chake ndimafuna kuiona singano njira yonse."

Anamuonetsa singanoyo isanalowe. Inali yaitali, yokhala ndi kapaipi kopyapyala kumbuyo. Anati cha kunsonga anaitema timizere tosaoneka ndi maso, kuti izinyezimira pa kanema ngakhale italowa mopendekeka. Nsonga yake sinali yakuthwa kwenikweni: ikakhudza mtsempha imaukankha m'malo mouboola.

Tahir sanatonthole nazo. Singano itangoboola khungu anagwedeza mutu, ndipo chithunzi chonse chinasokonekera. A Robert anaima pomwepo, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Sindikuionanso nsonga. Sindipitiriza mpaka nditaiona."

Panja, Kulusumu ankamveka akufunsa munthu wina ngati mwamuna wake akadali moyo. Chifuwa cha Tahir chinkalira ngati mluzu. Namwino anatembenuza kanemayo kuti wodwalayo aziona yekha.

"Yang'anani apo, bambo, osati kudenga."

Tahir ananong'ona, "Bismillah," n'kuyang'ana. A Robert anasuntha kachipangizo pang'ono, ndipo kamzere koyera kanatulukira pakona. Kankatsetsereka pang'onopang'ono, n'kumaima, n'kupitanso. Kanalambalala chinthu chogunda chija. Tahir anaiwala kuphethira.

"Kokani kaye," anatero a Robert. Namwino anakoka jakisoni. Munalibe magazi. "Kankhani tsopano."

Mankhwala anafalikira ngati kamtambo kakuda kuzungulira timadontho tija.

Posakhalitsa mkono unayamba kutentha, kenako kulemera, kenako unangoti zii. Tahir anakuwa kuti amudula mkono wonse. Namwino anachita kuunyamula n'kumuonetsa, koma iye ankauyang'ana ngati wa munthu wina.

Dokotala wosoka anagwira ntchito yake Tahir akufunsa mafunso osatha: ngati boti alikokera kumtunda, ngati adzathanso kukoka ukonde, ngati mkazi wake wauzidwa. Chala chaching'ono sichinatheke kupulumutsa. Zinazo anazilumikiza.

Atamutulutsa masana, Kulusumu anathamangira pa machira, nsapato imodzi itavuka.

"Mwamva kuwawa kwambiri?"

"Ayi," anatero Tahir. "Koma undigwirire mkonowu, ukungofuna kugwa."