Pepala Lofiira la Ireen

Fainesi anali atangobisa mwana m'khitchini pamene uthenga unafika woti mayi wa galimoto yoyera uja akubwera wapansi, ndipo akufunsa nyumba yake. Anangokhala pansi pakhonde osadziwa kuti wakhala.

Zonsezi zinayamba dzulo lake kusukulu. Kunafika anthu a chipatala chachikulu cha mumzinda pa galimoto yoyera, mtsogoleri wawo Dokotala Elizabeth Kaphiri, wochita maopaleshoni a makutu, mphuno ndi pakhosi. Ankati akuchita kafukufuku wa ana osamva bwino m'midzi ya kwa Kachindamoto. Mwana aliyense ankamuunika m'khutu ndi katochi, ndipo wa mafinya ankamutsuka ndi makina okhala ndi kapaipi koyamwa. Zoyamwazo zinkagwera m'botolo. Ndiye kamwana kena kamaso akuthwa kanaona kuti m'botolomo mwafiirira, n'kukaulula kwawo. Basitu! Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utadziwa kuti anamapopa alowa, ndipo masiku ano magazi akupopera m'makutu.

Ana ena anangolandira mankhwala odontheza. Koma Ireen, mwana wa Fainesi wa zaka zisanu ndi ziwiri, anabwera ndi kapepala kolembedwa zofiira, koti mayi ake apite naye msanga kuchipatala. M'sukulu yonse pepala lotero linali lake yekha. Fainesi sanafune womumasulira, anangodziwa kuti mwana wake wasankhidwa.

Kunena zoona, khutu la Ireen linali likuchucha mafinya kuyambira nthawi yotola thonje. Mayi ake anayesa zonse zimene anthu amachita: kudontheza mafuta ophikira, kufinyiramo masamba, kupukuta ndi nthenga ya nkhuku. Sabata imeneyo kuseri kwa khutuko kunatupa mpaka khutu linaima ngati chogwirira cha kapu, thupi n'kumatentha osaleka.

Bambo a mwanayo anali kunyanja ku Mtakataka, choncho nkhani inali m'manja mwa a Tomasi, mlongo wake wa Fainesi, amenenso anali mwini mbumba. Iwowa ndi amene m'mawawo anasonkhanitsa amuna n'kuunjika miyala pamsewu kuti galimoto yoyera isalowenso m'mudzi.

Dokotala uja anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Anali mayi wamfupi, atamanga chitenje, fumbi mpaka m'maondo, chimanjamanja. Pambuyo pake pankabwera khamu la anthu, ena ndi zibonga, ena ndi miyala. Anaodira, nakhala pansi pafumbi pomwepo, ndipo m'malo mofunsa mayi wa mwana anafunsa kaye mwini mbumba. A Tomasi sanayembekezere ulemu umenewo, moti anayamba atsokomola.

"Achimwene, makina ndawasiya kugalimoto," anatero dokotala. "Mwanayo sindimugwira. Ndingofunsa mafunso, mukatero mundithamangitse."

A Tomasi anayankha kuti mwana kulibe, anapita kwa azakhali ake ku Mua. Asanatseke pakamwa, m'khitchini munamveka kubuula.

Dokotala sanayang'ane n'komwe kukhitchiniko. Anafunsa Fainesi ngati mwana akudandaula mutu, ngati akukana kuwala, ngati akamayenda akudzandira ngati waledzera. Zonse zitatuzo zinayamba m'mawa womwewo, ndipo Fainesi anali asanauze munthu aliyense. Nanga mayiyu anazidziwa bwanji ngati si mfiti? Komanso ngati si mfiti, ndiye kuti akunena zoona, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa kwambiri.

Mayiyo anafotokoza kuti zofiira za m'botolo zija anali mafinya osakanikirana ndi timagazi ta zilonda, zotaya kudzala. Anati kwa Ireen mafinyawo adya fupa la kuseri kwa khutu, ndipo chimene chatsala pakati pawo ndi ubongo n'chopyapyala ngati chikamba cha dzira. Pankafunika opaleshoni, lero kapena mawa.

"Akagona pano masiku awiri mudzamunyamula ndithu, koma sikudzakhala kupita kuchipatala," anatero dokotala.

A Tomasi anati kumeneko n'kuopseza, ndipo khamu linavomereza. Mwala unachokera kumbuyo n'kuphwanya ndowa imene inali pafupi ndi dokotala, madzi n'kumuthovukira. Sanadzuke. Koma Fainesi, amene anali pafupi, anaona kuti manja a mayiyo akunjenjemera, ndipo akuwabisa m'chitenje. Kani nayenso anali ndi mantha.

Fainesi analowa m'khitchini. Ireen anali atagona pamphasa, nkhope atalozetsa kukhoma. Atamudzutsa, mwanayo analira kuti khosi likuwawa, ndipo anati nyumba ikuzungulira. Mayi ake anaima kanthawi, misozi ili chuchuchu, osadziwa imfa yoti athawe. Kenako anamubereka, chimwana chachikulu miyendo ikulendewera m'maondo, natenga mpeni wosendera chinangwa n'kutuluka nawo uli m'manja.

"Fainesi, ukadutsa apa, maliro a mwanayo usadzandiitane," anatero a Tomasi.

"Nanga akafera muno mudzamudzutsa ndinu, achimwene?"

Fainesi anaima pamaso pa dokotala, nalankhula osabisa kanthu. Anati akupita, koma sakumukhulupirira ngakhale pang'ono, ndipo akangoona kapaipi kaja kakuyandikira mwana wake, mpeniwo ugwira ntchito.

"Chabwino, mayi," anatero dokotala akudzuka. "M'galimotomo mukakhale kumbuyo kwanga kwenikweni."

Anthu anapatuka okha. Panalibe amene anawaperekeza kupitirira mulu wa miyala uja, ndipo dalaivala atauona mpeniwo anatsegula pakamwa, koma abwana ake anamuuza kuti alize galimoto.

Anadutsa pa Golomoti n'kuyamba kukwera mapiri, msewu uli wokhotakhota. Fainesi anali atamufungatira mwana ndi dzanja limodzi, linalo litagwira mpeni, maso ali pakhosi pa dokotala. Ankawerenga mikanda ya pakhosipo kuti asagone tulo kapena kufewa mtima. Atafika pakona ina yakuthwa, Ireen anayamba kusanza, mutu n'kugwera chagada, akutsamwa. Dokotala anatembenuka mwachangu n'kumuuza kuti amugoneke chammbali, dzanja lina ligwire mutu, lina limupukute m'kamwa.

Fainesi anayang'ana pampando, anayang'ana pansi, koma galimoto inkagwedezeka ndipo paliponse mpeniwo ukanatha kumucheka mwana. Anaupereka kutsogolo, chogwirira chitaloza kwa dokotala.

"Tandigwirirani," anatero.