Giya Woyamba wa Pijo

Mwamuna wanga Hezron ankaudziwa mtundu wa Pijo kuposa mtundu wa kwawo. Mukamufunsa dzina la agogo ake aakazi ankakanda m'mutu, koma mukangotchula galimoto, mwaputa mavu. Ankayamba ndi 403, ija ankayendera m'busa wina kwawo ku Khondowe iye ali mwana, yonenepa ngati mkate, imene pamakona a msewu wa Gorodi inkayamba yabwerera m'mbuyo kuti ikhote. Kenako 404, yathuyo. Akafika pa 504 ankatsitsa mawu ngati akutchula apongozi. Za 505 ankangoti ndi ya ana a masiku ano, ilibe ulemu.

Yathu inali yaitali ija, ya mizere itatu ya mipando. Anaigula itatopa kale ku Dedza, komwe tonse awiri tinkaphunzitsa, ndipo chifukwa chake ankauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe: banja lake silidzakwera mabasi awiri. Nditamupempha kuti andiphunzitse kuyendetsa, anaseka.

"Muphunzirirenji ine ndilipo?"

Mu 1989 kunabwera lamulo loti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo. Hezron anamuponya kupulaimale ina kuseri kwa Phwezi. Ine ndine wa ku Dedza, ndiye anati ndikhale pomwe ndili. Tinayenda m'maofesi mpaka nsapato kuperepeseka, yankho lili limodzimodzi: zachokera kumwamba. Masiku amenewo ukafunsa kachiwiri, amene ukumufunsayo ankayamba kuyang'ana kukhomo.

Patchuthi tinamuperekeza ndi ana athu anayi. Kusukuluko nyumba kunalibe, anamupatsa kachipinda kosungiramo choko ndi matsache. Ana anayenera kubwerera ndi ine. Galimoto nayonso, anatero Hezron, chifukwa Gordon wathu wamng'ono anali ndi mphumu, ndipo kwathu chipatala chili kutali.

Ndiye maphunziro anayambika pabwalo la mpira. Giya wa 404 ali pachiwongolero, ndipo ine dzanja linkangopita kwina.

"Pondani kilachi, anyina Nelly. Pondani chomene! Tsopano tulani phazi pang'onopang'ono."

Galimoto inkadumpha ngati chule n'kuzima. Ana kumbuyo ankagwa ndi phwete. Hezron, munthu amene ankakalipira mwana akangomenyetsa chitseko, sankakwiya ngakhale magiya akukuta mano. Ankangoti, "Yewo, tiyambenso." Kuleza mtima kumeneko kunkandipweteka kuposa kukalipa.

Tchuthi chili pafupi kutha, phazi langa linangomva lokha. Galimoto inanyamuka bwinobwino, ndinalowetsa giya wachiwiri, wachitatu, osadumpha. Ana anaomba m'manja.

"Imani pagolopo," anatero Hezron. Anatsika n'kutseka chitseko mwaulemu monga mwa masiku onse. "Zungulirani nokha."

Ndinanyamuka. Nditafika pakati pa bwalo ndinayang'ana pagalasi monga anandiphunzitsira. Kumbuyo kwa mitu ya ana ndinamuona ataima pagolo, tayi ali m'khosi, manja kumbuyo, akucheperachepera. Mpando wa pambali panga unali wopanda munthu. Ndinagwidwa ndi mantha komanso chisoni, chifukwa ndinaona kuti umu ndi momwe zidzakhalire patsiku lonyamuka, ndipo amene adzapondereze mafuta ndine.

Ndinaponda buleki osakhudza kilachi. Pijo inanjenjemera n'kuzima.

"Amayi mwalakwitsanso!" anakuwa Nelly.

Hezron anabwera osathamanga. Munthu ameneyu ankamva bawuti yomasuka ali m'kalasi, ndiye sindikanamunamiza. Anandiyang'ana pawindo, ine maso ali pachiwongolero.

"Si inu," anatero. "Ma 404 a chaka chimenechi amatero. Mafuta safika bwino. Pa 504 anakonza."

Anatsegula boneti n'kuima kuseri kwake. Tinadikira. Sindinamve sipanala kapena chitsulo chilichonse chikulira, ndinkangoona nsapato zake pansi, zitaima malo amodzi.

"Adadi, yatheka?" anafunsa Gordon.

"Pang'ono, mwana wanga," anayankha ndi mawu achimfine. "Pang'ono."

Sukulu zinali kutsegulidwa Lolemba.