Chipewa cha Malemu Pachigwembe

"Sunthirani kumanzere pang'ono kuti chikwangwani chioneke," anatero mlangizi wa zaulimi, foni ili m'mwamba.

Achimwene anasuntha. Kumutu anavala chipewa cha malemu bambo awo, keni yothirira ataigwira ngati mwana wa eni. Mlongo wawo, yemwe anadwazika bambowo mpaka tsiku lomaliza, ankaonerera chapatali. Munthu wothawa khasu kalekale n'kukaitanira minibasi m'tauni, lero ndiye mlimi wachitsanzo!

Mlangiziyo pamaliro sanapondepo n'komwe. Boma linabwereketsa malemu pampu yothirira, pa pangano loti abzale mitengo m'mbali mwa chigwembe chomwe chinkadya munda kulunjika kunyumba. Mitengo inagwira, chigwembe chinaleka kukula. Tsopano mabwana ankafuna chithunzi, ndipo imfa ya mwini munda sinali chifukwa chochedwetsera lipoti.

"Tsitsani chipewacho chiphimbe nkhope. Kuofesi sakazindikira," anatero mlangizi.

Kuseri kwa nyumba kunabisala wocheka matabwa ndi makina ake. Anabwera naye ndi achimwene, omwe m'mawa anauza amayi awo mopanda manyazi kuti mitengo sadya, ndipo wojambulayo akangochoka, ikuluikulu yonse igwa.

"Nanga mvula ikabwera, chigwembe n'kufika pakhomo pa amayi, inu mudzakhala muli kuti?" mlongoyo anawafunsa nthawi ija.

"Iwe, chisoni chakusokoneza mutu. Zisiyire amuna izi."

Ndiye mlongoyo anadikira mpaka mlangizi atajambula n'kukhutira.

"Bambo mlangizi, mlimi mwamujambula. Bwerani kuseri kuno mujambulenso mlendo wake."

"Usayerekeze!" anakuwa achimwene, keni ikugwa m'manja.

Koma mlangizi anali atasuzumira kale. Ataona makina aja, thukuta linamutuluka pamphuno.

"Mukufuna mundichotsetse ntchito? Alendo ochokera kulikulu akubwera kudzaona mitengo yomweyi! Ukagwa umodzi, pampu ndilanda ndipo nkhani ikathera kupolisi."

Za nyumba ya namfedwa sanatchule n'kamodzi komwe. Mlongoyo anamunyoza mumtima, komabe mantha a munthu wamanthayu ndiwo anapulumutsa khonde la amayi ake. Wocheka matabwa, atangomva za polisi, anasenza makina n'kudutsa m'chimanga osatsanzika.

Amayi, omwe nthawi yonseyi anali pakhonde, anadzuka pang'onopang'ono. Anafika pamaso pa mwana wawo wamwamuna n'kumuvula chipewa chija.

"Si cha pamutu ichi," anatero.

Anatsata mzere wa mitengo mpaka kumapeto, pomwe panali kambande kobzalidwa mochedwa, masamba atafota ndi dzuwa la masana. Pambali pake panali kamtengo kozikidwa kale ndi malemu, kosalala nsonga. Anakolekapo chipewa, mthunzi n'kugwera pakambandeko ndendende.

Mlongoyo anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Zaka zonsezi ankawaseka bambo ake kuti ali ndi chipewa koma dazi lawo limangosupuka ndi dzuwa.