Masiku Khumi ndi Awiri a Chun-bae

Bang Deok-su anagwira ntchito zaka makumi atatu padoko ku Busan, akuyendetsa chimakina chokweza ndi kutsitsa makontena m'sitima. Pa makina oyandikana nawo pankakhala Ma Chun-bae, wamkulu kwa iye ndi zaka zitatu, munthu wapakamwa posatseka. Tsiku lonse ankangotafulana pa wailesi ya ntchito.

"Iwe Deok-su, kontenayo ukutsitsa kapena ukugoneka khanda?"

"Achimwene, samalani zanu. Dzulo munatsala pang'ono kuphwanya lole ya eni ake."

Kenaka kunabwera makina odziyendetsa okha. Anthu anayi okhala pa kompyuta mu ofesi analowa m'malo mwa gulu lonse, ndipo Deok-su ndi anzake anauzidwa kuti akapume. Chaka chomwecho boma linayamba kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa munthu aliyense, wapantchito ndi wosagwira ntchito yemwe. Njala sinalowe m'nyumba. Mpunga unalipo, ndiwo ya kabichi yotchedwa kimchi sinkasowa.

"Bambo a Hye-rin, thokozani," ankatero mkazi wake, Seon-ok. "Msana uja mwauiwala mmene unkakulizirani?"

Miyezi yoyamba awiriwa ankakumana Lachinayi lililonse pa kalesitilanti ka msuzi wa nkhumba. Chun-bae, yemwe banja lake linatha kalekale ndipo ankakhala yekha m'kachipinda ka lendi kuphiri, ankakweza tambula ya mowa wa soju n'kuseka.

"Akutilipira chifukwa chopuma mpweya! Bambo anga akanamva zimenezi akanadzuka kumanda."

Koma nkhani zinayamba kuchepa. Za kudoko anali atazikamba zonse, zatsopano kunalibe. Lachinayi lina Chun-bae anati ali ndi chimfine. Lachinayi linalo Deok-su ndiye anachita ulesi. Masiku anayamba kufanana moti nthawi zina ankafunsa mkazi wake kuti lero ndi lachingati. Ankati amuimbira mnzakeyo mawa, koma mawalo silinkasiyana ndi lero.

Mmawa wina foni inalira. Anali mayi mwini nyumba imene Chun-bae ankakhala. Anati anthu oyandikana naye anadandaula za fungo, apolisi anathyola chitseko, ndipo anamupeza ali gone pafupi ndi sinki, atamwalira. Dokotala anati unali mtima, ndipo panali patadutsa masiku khumi ndi awiri.

"Nambala yanu ndi imene anaimba komaliza," anatero mayiyo.

Deok-su anayang'ana mufoni mwake. Nambala ya Chun-bae inalipodi. Tsiku limenelo anaiona foniyo ikulira koma sanayankhe, iye ali chigonere masana akuonera mpira wobwereza.

Kumaliro kunabwera anthu ochepa. Deok-su anaika duwa loyera patsogolo pa chithunzi, n'kugwada kawiri mpaka chipumi kugunda pansi. Kachiwiriko anachedwa kudzuka. Atakhala pa tebulo la alendo, Seon-ok anamusunthira mbale ya msuzi, koma sanaikhudze.

"Chaka china achimwenewa anachedwa kuntchito ndi ola limodzi lokha," anauza mkazi wake. "Ola limodzi. Kapitawo anaimba foni kasanu, ine ndinakwera takisi kukawagogodera. Ndinawapeza ndi matsire, ndinawatukwana njira yonse. Lero masiku khumi ndi awiri, palibe amene anadabwa. Sankayembekezeka kulikonse."

"Si inu munawapha," anatero Seon-ok motsitsa mawu.

"Ndikudziwa. Koma anaimba."

Maliro atatha, Deok-su anafukula m'kabati pepala lakale la mayina ndi manambala a gulu lawo lonse la kudoko. Anakhala pansi pabalaza n'kuyamba kuimba mmodzimmodzi. Woyamba kuyankha anali Gu Man-sik, yemwe ankamangirira makontena pasitima.

"Deok-su? Wamwaliranso ndani?"

"Palibe. Wadya?"

"Ndadya," anatero Man-sik. "Iwe wadya?"

Ena anasangalala, ena anadabwa, wina anamufunsa ngati wayamba kugulitsa inshuwalansi. Manambala atatu anali atasiya kugwira ntchito. Nambala ya mnzake wina, No Pil-gu, inkalira koma osayankhidwa. Anaimba kachiwiri, kachitatu. Kenaka anaimirira n'kutenga jekete.

"Mukupita kuti? Mpunga wapsa," anatero Seon-ok.

"Kwa Pil-gu. Sakuyankha."

"Mwina ali kubafa."

"Mwina," anatero Deok-su, akuvala nsapato pakhomo.