Makalata a ku Joni Okulungira Zitumbuwa

A Goliati a ku Mbombwe atamwalira mu 1998, m'nyumba mwawo munatsala sutikesi yachitsulo yodzaza makalata. Anali makalata omwe ankalembera akazi awo ali ku migodi ya ku Joni. Mwana wawo, a Maluwa, ankagulitsa zitumbuwa pamsewu, ndipo mapepala okulungira ankasowa. M'mawa uliwonse ankatapako makalata angapo.

Esnat, mwana wa a Maluwa, sizinkamusangalatsa. Atayesa kudandaula, amalume ake a Silvesta anamuseka.

"Iwe, eni ake anagona kalekale. Ukufuna adyedwe ndi chiswe? Bola akugwira ntchito. Sukulu yakeyi ikukupatsa chifundo ndi mapepala!"



Lachisanu lina, kalasi yake ya Fomu 3 inapita kukaona kanyumba kosungiramo zinthu zakale. Anakayambitsa ndi a Bonifasio, mphunzitsi wopuma pantchito. Munali zisoti za mumgodi, nyali, jombo zong'ambika ndi ziphaso za anthu omwe ankapita ku Joni. Anzake ankalimbirana kuvala chisoti, koma Esnat anaima pa kalata imodzi yomwe inali m'galasi. Pepala lake linali lofanana ndi aja a m'sutikesi.

"Amuna ambiri a kuno anatsikira pansi pa nthaka ya eni," anatero a Bonifasio. "Zomwe anaona simudzazipeza m'buku la sukulu. Ndiponso ambirife makolo athu anachokera ku Mozambiki, koma ndani pano angatchule mudzi wake?"

Palibe anakweza dzanja.

Ena atatuluka, Esnat anatsalira. Analankhula motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Aphunzitsi, kwathu aliko makalata otere. Koma amayi akukulungira zitumbuwa."

"Mayo! Atsala angati?"

"Sindikudziwa."

"Usakawakalipire amayi ako, sakudziwa zomwe zilimo. Ukawawerengere mokweza. Kenako ukakopere m'kope, makalatawo ukawasunge pouma, osati pansi."

Atafika kunyumba anapeza atsala asanu ndi awiri. Amayi ake anali pakhonde, akusenda nthochi.

"Amayi, ndikuwerengereni kalata imodzi yokha ya agogo."

"Werenga msanga, ndili ndi ntchito."

Esnat anatenga yapamwamba. A Goliati ankafotokoza za kutentha kwa mumgodi ndi za mnzawo amene mwala unamuthyola mwendo. Kumunsi kwake analemba kuti: "Mwana akabadwa wamkazi mumutche Maluwa. Ndi dzina la mng'ono wa amayi anga, amene anatsala kwathu ku Mozambiki, kuseri kwa phiri la Mulanje, pomwe abale enawo ankathawa. Ana ake akadali komweko. Mwanayo akadzakula adzawafune pamudzi wa..."

Esnat analeka.

"Pitiriza," anatero a Maluwa. Manja awo anali ataima.

"Tsamba lathera pomwepo."

"Linzake lili kuti?"

Anakhuthula sutikesi yonse, nayang'ana ndi m'dengu la zitumbuwa lomwe. Tsambalo panalibe.

"Bambo sanandiuzepo zimenezi," anatero a Maluwa. "Ndipo ine sindinawafunse."

Anatenga kalatayo, ngakhale sankadziwa kuwerenga, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Dzina langa lili pati?"

Esnat anawalozera ndi chala.

Phunziro: Makalata, zithunzi ndi ziphaso zomwe makolo anasiya zimasunga mbiri ya banja. Tisanazitaye kapena kuzigwiritsa ntchito ina, tiziyamba taziwerenga, chifukwa tsamba likatayika palibe amene angatilemberenso.