Gulu la Rabson Lafiiranso

Pa kampani ina yogulitsa katundu wopikulitsa ku Mchesi, ntchito yoyang'anira makompyuta inali imodzi koma oifuna awiri, Zipora ndi Rabson. Abwana awo, mayi Agatha, ananeneratu kuti pakutha pa mwezi atsala mmodzi.

Pakhoma panali sikirini yoonetsa makina onse a kampani m'magulumagulu. Gulu likakhala bwino linkabiriwira. Kanthu kamodzi kakafa, lonse linkafiira, foni ya mwini gulu n'kulira. Rabson, poti anayamba kufika ndi iye, anagawa yekha: maseva atsopano, makompyuta aakulu osunga mapulogalamu, ake; nkhalamba zonse za m'mashopu a kampaniyo za Zipora. Iye miyendo patebulo, mnzake akukhalira pakabaza, lero Nsungwi, mawa Chinsapo, mtima ukuwawa.

Tsiku lina Zipora anapita kwa abwana, nkhope ngati ya mwana wa kwaya.

"Mayi, magulu awa sakutiuza zoona. Pulogalamu iliyonse izikhala pamodzi ndi zonse zimene imadalira, seva yake, rauta yake, mpaka batire. Ndipo achimwene a Rabson ayambe kusankha, ndi aakulu."

Mayi Agatha anavomera. Rabson analumphira gulu la pulogalamu ya malonda, poti munali seva yatsopano yonyezimira. Mndandanda sanauwerenge n'komwe mpaka pansi. Paja chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pansi penipeni panali rauta ya shopu ya ku Chinsapo, kabokosi kolumikiza shopuyo ku intaneti, ndipo Zipora ankaidziwa bwino. Shopuyo inali ndi soketi imodzi yokha. Ikakwana teni koloko, mayi Fatu, ogulitsa pamenepo, ankazula rauta n'kulumikiza ketulo ya tiyi.

Ndiye tsiku ndi tsiku, teni koloko, gulu la Rabson psuu! Rabson akamafika ku Chinsapo thukuta lili kamukamu, tiyi amakhala atamwedwa kale, rauta ili m'malo mwake. Anasintha mawaya, anaimba mlandu mvula, mpaka anayamba kukayikira afiti. Zofunsa mayi Fatu ayi. Munthu wa dipuloma angafunse nzeru kwa wogulitsa sopo?

Mwezi utatha, kalata ya ntchito inapita kwa Zipora. Ataona Rabson akulongedza kapu yake m'jumbo, chisoni chinamugwira, koma pang'ono pokha.

M'mawa mwake Zipora anakwera kabaza wa ku Chinsapo. Atafika anatulutsa ekisitenshoni ya mabowo anayi imene inagona m'chikwama chake masabata atatu athunthu.

Mayi Fatu anaiyang'ana, kenako anayang'ana Zipora.

"Mwachedwa nayotu, achemwali. Shuga masupuni angati?"